Kuleka mowa: m'mene munthu angapezere gulu la anzace omuthandiza

M'makomboni a m'mizinda ndi m'midzi ya dziko la Zambia, mabanja ambiri ali ndi m'bale amene analumbirapo kuti mowa wauleka, koma malipiro a mwezi atangotuluka anapezekanso ku bawa. Ena analumbira pamaso pa mkazi ndi ana, ena pamaso pa abusa, enanso ali cigonere m'cipatala. Kawirikawiri munthu wotere sakhala akunama pamene alumbira. Cimene amasowa ndi anthu omugwira dzanja pa tsiku limene cilakolako ca mowa cabweranso, iye ali yekha, ndalama ziri m'thumba, ndipo anzace akale akumuitana.

Imeneyi ndiyo nchito ya magulu a anthu oleka mowa. M'magulu awa muli amuna ndi akazi amene mowa unawagwirapo iwo eni, ndipo amakumana sabata ndi sabata kuti alimbikitsane kukhala osamwa. Salipiritsa, safuna kalata yocokera kucipatala, ndiponso sapereka maina a anthu ao ku boma kapena kwa olemba nchito. Cofunika kwa wolowamo ndi cimodzi cabe: kufuna kuleka mowa. Komabe ambiri amene akanathandizidwa sadziwa kumene magulu otere amapezeka, ndipo ena amaopa zimene angakumane nazo akangolowa pa khomo.

Kukula kwa vutoli

Lipoti la bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, lomwe linatuluka m'caka ca 2024, linaonetsa kuti anthu 2.6 miliyoni anamwalira cifukwa ca mowa m'caka ca 2019, ndipo anthu pafupifupi 209 miliyoni anali atafika poti sangathe kukhala popanda mowa. Poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu okhalamo, imfa zotere zinali zoculuka koposa m'zigawo za Ulaya ndi Africa.

Kuno ku Zambia atsogoleri akhala akudandaula za kuledzera kuyambira kale. Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, malemu Dr Kenneth Kaunda, amene iwo eni sanali kumwa mowa, anaopsezapo m'zaka za m'ma 1970 kuti adzatula pansi udindo ngati anthu sacepetsa kuledzera. M'caka ca 2011 nyumba ya malamulo inapanga lamulo latsopano la ziphaso zogulitsira mowa, lomwe limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwanitsa zaka 18. Mu Epulo 2012, nduna ya maboma ang'onoang'ono pa nthawiyo, Professor Nkandu Luo, inaletsa kupanga ndi kugulitsa tujilijili. M'caka ca 2018 boma linavomereza ndondomeko ya dziko lonse yoona za mowa.

Malamulo amenewa amayang'ana wogulitsa, malo ndi nthawi yogulitsira. Koma kwa munthu amene thupi lace linazolowera kale mowa, kutseka bawa limodzi sikuthetsa ludzu lace. Iye amangosamukira ku shebini kapena kwa ophika kacasu. Munthu wotere amafunika thandizo lomufika iye mwini.

Pamene kumwa kwasanduka matenda

Si aliyense womwa mowa amene ali cidakwa. Akatswiri a zaumoyo amanena kuti kumwa kwafika pa matenda pamene munthu alephera kuleka akangolawa, pamene afunika mowa wambiri kuposa kale kuti aledzere, pamene manja amanjenjemera m'mamawa kufikira atamwako, ndiponso pamene apitirizabe kumwa ngakhale akuona kuti nchito, ukwati ndi thanzi lace zikuonongeka. Cizindikiro cina ndi kubisa: kubisa mabotolo, kubisa ndalama zimene zapita ku mowa, ndi kupsa mtima wina akafunsa.

Bungwe la WHO linakonza mafunso 10, ochedwa AUDIT, amene namwino kapena mlangizi angafunse munthu m'mphindi zowerengeka. Amene wapeza mapointi 8 kapena kuposerapo amaonedwa kuti kamwedwe kace n'koika moyo pa ngozi. Magulu a anthu oleka mowa safuna kuti munthu ayambe wayesedwa motere. Iwo sauza mlendo kuti ndi cidakwa. Amamusiya kuti amvetsere nkhani za ena, nadziweruze yekha.

Kumene magulu amenewa anacokera

Gulu lodziwika koposa pa nchito imeneyi ndi Alcoholics Anonymous, lomwe mwacidule limachedwa AA. Linayamba m'caka ca 1935 mu mzinda wa Akron, m'cigawo ca Ohio ku America. Bill Wilson, munthu wa zamalonda wocokera ku New York, anali atakhala miyezi yowerengeka osamwa pamene anafika ku Akron pa ulendo wa malonda. Malondawo sanayende bwino, ndipo ali yekha ku hotela anamva kuti watsala pang'ono kumwanso. M'malo molowa m'bawa, anaimba foni kwa m'busa wina kufunsa ngati kunali cidakwa cina cimene akanalankhula naco. Motero anakumana ndi Dr Bob Smith, dotolo wa maopaleshoni amene mowa unali kumuonongera nchito.

Awiriwa anaona kuti pamene cidakwa cilankhula ndi cidakwa cinzace, onse awiri amapeza mphamvu yokhala osamwa, wothandiza ndi wothandizidwa yemwe. Dr Smith anamwa komaliza mu Juni 1935, ndipo AA imawerenga tsiku la 10 Juni ngati tsiku limene gululi linabadwa. M'caka ca 1939 anasindikiza buku lofotokoza masitepe 12 a kucira. Lero AA ikupezeka m'maiko pafupifupi 180, ndipo mamembala ace ali pafupifupi 2 miliyoni. Ku South Africa inafika m'caka ca 1946, ndipo kuno ku Zambia magulu ace amakumana mu Lusaka.

Kwa anthu a m'dziko lino njira imeneyi si yacilendo. Pamene matenda a AIDS anali kupha anthu ambiri, magulu a anthu okhala ndi kacirombo ka HIV, monga a bungwe la NZP+ lomwe linayamba m'caka ca 1996, anathandiza anthu kuvomereza za umoyo wao ndi kupirira pa mankhwala. Mau ocokera kwa munthu amene anadutsamo amalowa m'khutu mosiyana ndi mau a munthu wongophunzira za vutolo.

Umboni wa akatswiri

M'caka ca 2020 bungwe la Cochrane, lomwe limasanthula zofufuza za umoyo, linaika pamodzi zofufuza 27 zokhudza anthu 10,565. Zambiri mwa izo zinacitikira ku America. Akatswiriwo anapeza kuti pa anthu 100 alionse amene analandira uphungu wowalowetsa m'magulu a AA, anthu 42 anatha caka cathunthu osamwa, pamene pa anthu 100 olandira uphungu wa mitundu ina anali 35.

Ziwerengero izi zikuonetsa zinthu ziwiri. Coyamba, magulu a anthu wamba, osalipiritsa, angathe kuthandiza mofanana ndi uphungu wa akatswiri, ngakhale kuuposa. Caciwiri, palibe njira imene imaciritsa aliyense pa ulendo woyamba, pakuti oposa theka anamwanso caka cisanathe. Cifukwa cace munthu amene walephera kamodzi sayenera kuganiza kuti iye yekha ndiye wosathandizika.

Coyamba kucipatala

Pali cenjezo limene banja lirilonse liyenera kudziwa. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali sayenera kuleka mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi lace linazolowera mowa, ndipo mowawo ukasowa, bongo umasokonezeka. Pakati pa maola 6 ndi 24 cimwereni komaliza, amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kucita mseru ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ndi kuphupha ngati wa khunyu. Pa tsiku laciwiri kapena lacitatu ena amasokonezeka maganizo, thupi limatentha, mtima umagunda kwambiri, ndipo amaona zinthu zimene palibe, monga njoka kapena tizirombo toyenda pa khoma.

Mabanja ena akaona zimenezi amaganiza kuti m'bale wao walodzedwa, nathamangira naye kwa sing'anga kapena kumapemphero a usiku. Kucedwa kotere kungathe kutayitsa moyo. Matenda awa amaciritsika kucipatala, kumene madotolo amapereka mankhwala okhazika thupi monga diazepam, pamodzi ndi vitamini B1 wochinjiriza bongo. Pamatenga masiku owerengeka kuti ngoziyo idutse.

Cipatala ca Chainama Hills mu Lusaka, comwe cinatsegulidwa m'caka ca 1962, ndico cipatala cacikulu ca boma coona za matenda a maganizo ndi mavuto a mowa. Zipatala zina zazikulu, monga za ku Chipata, Ndola, Kabwe ndi Livingstone, ziri ndi zigawo zoona za matenda omwewa. Amene ali kutali ayambire pa kiliniki ya kwao, ndipo akapezeka kuti afunika thandizo loposa, adzapatsidwa kalata yopita nayo ku cipatala cacikulu. Anthu ambiri amaopa dzina la Chainama poganiza kuti wopitako ndi wamisala. Lamulo la umoyo wa maganizo la m'caka ca 2019, lomwe linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda, limachinjiriza ulemu ndi ufulu wa odwala onse otere.

Cipatala cimacotsa mowa m'thupi m'masiku ocepa. Nchito ya gulu imayamba pomwepo, pamene munthu wabwerera ku komboni yomwe ija, kumene mabawa ndi anzace akale akali pomwe anawasiya.

Kofunsa za gulu lapafupi

Magulu a anthu oleka mowa alibe zikwangwani zazikulu, ndipo saitana anthu ndi zokuzira mau. Ambiri amabwereka cipinda ca chalichi, ca sukulu kapena ca kiliniki kwa ola limodzi. Cotero kuti munthu awapeze, ayenera kufunsa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Malo oyamba ndi kiliniki kapena cipatala. Anamwino ndi alangizi a cigawo ca matenda a maganizo ndiwo amadziwa bwino magulu amene amakumana m'dera lao, pakuti amatumizako odwala. Ngakhale amene amalandira mankhwala a TB kapena ma ARV angafunse mlangizi wa pomwepo, popeza mowa ndi cimodzi mwa zinthu zimene zimaiwalitsa anthu mankhwala.

Malo aciwiri ndi mabungwe a uphungu. Bungwe la Drug Enforcement Commission, lomwe linakhazikitsidwa m'caka ca 1989, ngakhale limadziwika ndi kugwira ogulitsa mankhwala osokoneza bongo, liri ndi nthambi ya maphunziro ndi uphungu imene imalandira anthu ofuna thandizo. Mu Lusaka mulinso bungwe la SHARPZ, lomwe limalangiza anthu ndi mabanja ovutika ndi mowa ndi mankhwala osokoneza bongo.

Malo acitatu ndi mipingo. Abusa, ansembe ndi akulu a mpingo amadziwa ngati pali gulu limene limabwereka cipinda cao. Mu mpingo wa Katolika muli gulu la Pioneer, lomwe linayamba ku Dublin m'dziko la Ireland m'caka ca 1898, la anthu olonjeza kusamwa mowa cifukwa ca cikhulupiriro. Gulu limeneli n'losiyana ndi AA, pakuti ambiri mwa anthu ace sanakhalepo zidakwa, koma lingathe kupatsa munthu anzace atsopano osamwa.

Malo acinai ndi foni ndi intaneti. Amene ali ndi foni ya intaneti angafufuze dzina la Alcoholics Anonymous pamodzi ndi dzina la tauni yace. Kuyambira m'caka ca 2020, pamene matenda a COVID-19 analetsa misonkhano, magulu ambiri pa dziko lonse anayamba kukumana pa Zoom, ndipo misonkhano yotere ikucitikabe usana ndi usiku. Munthu angathe kulowamo osaonetsa nkhope, nangomvetsera.

Malo ndi nthawi za misonkhano zimasinthasintha. Ndi bwino kuyamba waimba foni kufunsa tsiku, ola, cinenero cimene amalankhula, ndiponso ngati msonkhanowo ndi wa onse kapena wa eni vuto okha. Ku msonkhano wa onse angapiteko ndi mkazi, mwamuna, m'bale kapena bwenzi. Msonkhano wa eni vuto okha ndi wa anthu ofuna kuleka mowa basi. Kawirikawiri woyankha foni amakhala mmodzi wa mamembala, ndipo mlendo angamupemphe kuti akumane pa geti, alowe pamodzi.

Zimene zimacitika pa tsiku loyamba

Msonkhano umatenga pafupifupi ola limodzi. Anthu amakhala mozungulira kapena m'mizere, ndipo wotsogolera amakhala mmodzi wa iwo, amene naye analeka mowa. Udindo umenewu amalandizana, pakuti m'gulu mulibe bwana. Poyamba pamawerengedwa mau ofotokoza colinga ca gulu, kenaka wotsogolera amafunsa ngati pali mlendo. Mlendoyo angachule dzina lace loyamba lokha, kapena kunena kuti wabwera kudzamvetsera cabe. Palibe amene amamukakamiza kulankhula, kusaina pepala kapena kulumbira.

Pambuyo pace anthu amalankhula mmodzimmodzi. Aliyense amasimba za iye mwini: m'mene anali kumwera, cimene cinamufikitsa poleka, ndi m'mene akukhalira tsopano. Wina angasimbe za nchito imene inatha, wina za ndalama za sukulu za ana zimene zinathera ku bawa, wina za maliro amene wapitako sabata yomweyo nabwerako osalawa. Pamene munthu akulankhula, ena samudula mau, samutsutsa, ndiponso samulalikira. Pomaliza pamadutsa mbale kapena kathumba koponyamo ndalama za tiyi ndi za cipinda. Wopanda kanthu amangopatsira mnzace, ndipo mlendo sayembekezeka kuponyamo. Magulu a AA salandira ndalama zocokera kwa anthu akunja, ngakhale ku boma kapena ku mabungwe. Salonjezanso nchito, ngongole kapena cakudya.

Lamulo lalikulu la misonkhano imeneyi ndi kusunga cinsinsi. Nkhope zimene munthu waona ndi nkhani zimene wamva zimatsala m'cipindamo. Ambiri amaopa kuti angapezeko mnansi wao, wa ku chalichi kwao kapena wa kunchito. Zimacitikadi, makamaka m'matauni ang'ono. Koma amene wapezekako wabwera ndi vuto lomwelo, ndipo naye afuna kuti cinsinsi cace cisungike. Komabe cinsinsi cimeneci cimadalira ulemu wa anthu, palibe lamulo la boma locisunga, cotero nkhani zolemera kwambiri ndi bwino kuzisungira mlangizi kapena mnzace mmodzi wokhulupirika.

Nthawi yotsatira msonkhano iri ndi phindu lalikulu. Apa ndi pamene mlendo amalandira manambala a foni a anthu amene angawaimbire pamene cilakolako camugwira, ngakhale pakati pa usiku.

Kubwerera ndi kubwereranso

Msonkhano umodzi suciritsa munthu. Amene akhala nthawi yaitali m'magulu amalangiza watsopano kuti apiteko kangapo asanaweruze, ndipo ngati kuli magulu angapo, ayese onse kufikira atapeza kumene mtima wace wakhazikika. M'miyezi 3 yoyamba, imene ndiyo yovuta koposa, amalangizidwa kusonkhana kawirikawiri monga angathere.

Gulu silipempha munthu kulonjeza kuti sadzamwanso moyo wace wonse. Limamupempha kuti asamwe lero, maola 24 okha, ndipo mawa kukaca adzayambenso cimodzimodzi. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Amaphunzitsidwanso kuti ngozi iri pa botolo loyamba, pakuti ndilo limaitana ena onse, ndiponso kuti azicenjera pamene ali ndi njala, mkwiyo, kutopa kapena kusungulumwa. Tsiku la malipiro, maliro, maukwati ndi masewera a mpira oonera ku bawa ndi nthawi zimene ayenera kukonzekeratu: kudziwa amene adzakhala naye, cimene adzamwa m'malo mwa mowa, ndi ola limene adzabwerera kunyumba.

Patapita nthawi, watsopano amasankha membala amene wakhala nthawi yaitali osamwa kuti akhale womuyang'anira, yemwe m'magulu a AA amamucha sponsor. Mwa mwambo wa magulu, mwamuna amasankha mwamuna ndipo mkazi amasankha mkazi. Ameneyu ndiye amamutsogolera pa masitepe 12 aja. Mwacidule, masitepewo amafuna kuti munthu avomereze kuti mowa wamugonjetsa, apemphe thandizo loposa mphamvu zace, adzifufuze moona mtima, aulule zolakwa zace kwa munthu wina, akonze zimene anaononga kwa anzace pamene kutero sikungapweteke wina, ndipo pomaliza athandize cidakwa cinzace.

AA imachula za Mulungu monga aliyense amamudziwira, koma si mpingo, ndipo imalandira Akristu, Asilamu ndi osapembedza omwe. Amene afuna njira yosakhudza za uzimu angafufuze gulu la SMART Recovery, lomwe linayamba m'caka ca 1994 ndipo limacititsa misonkhano pa intaneti. Gulu lirilonse labwino silisewera ndi mankhwala a kucipatala. Munthu asaleke ma ARV, mankhwala a TB kapena a matenda a maganizo cifukwa ca mau a membala mnzace. Alipo ngakhale mankhwala ocepetsa cilakolako ca mowa, monga naltrexone ndi acamprosate, amene bungwe la WHO linaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika m'caka ca 2023, ndipo za amenewa wofunsa ndi dotolo.

Akaterereka

Ambiri amene lero atha zaka osamwa anatererekapo, ena kangapo. Coopsa cacikulu pa nthawi yotere ndi manyazi. Munthu amaganiza kuti anzace a m'gulu amuseka, naleka kusonkhana, ndipo kumwa kwa tsiku limodzi kumasanduka kwa mwezi wathunthu. Gulu silicotsa munthu cifukwa cakuti wamwanso. Cofunika ndi kubwerera msanga, kunena zoona, ndi kufufuza pamodzi ndi anzace cimene cinamugwetsa. Ngati wamwa kwambiri masiku otsatizana, ayambe wapita kukiliniki monga poyamba paja.

Azimai amene ali ndi vuto la mowa amasenza manyazi oposa a azibambo, cifukwa anthu amaweruza mkazi woledzera mwankhanza. Ambiri amamwera m'nyumba mobisa kufikira thanzi litaonongeka. Magulu amalandira akazi mofanana ndi amuna, ndipo pa intaneti pali misonkhano ya akazi okhaokha. Mai woyembekezera afulumire kuuza anamwino a kusikelo, pakuti mowa umaononga bongo wa mwana ali m'mimba.

Mbali ya banja

Ucidakwa wa munthu mmodzi umadwalitsa nyumba yonse. Cifukwa ca ici, m'caka ca 1951 Lois Wilson, mkazi wa Bill Wilson, pamodzi ndi mnzace anayambitsa gulu la Al-Anon la acibale a zidakwa, ndipo m'caka ca 1957 panayamba gulu la Alateen la acinyamata ocokera m'mabanja otere. Magulu amenewa amaphunzitsa acibale kuti iwo sanacititse matendawo, ndipo sangathe kuwaletsa ndi kulalata, kutaya mowa kapena kutsekera munthu m'nyumba.

Cimene banja lingathe kucita ndi kulankhula naye pamene ali wosaledzera, mofatsa, kuchula zinthu zenizeni zimene zacitika, ndi kumuuza kumene kuli thandizo. Lingathe kumuperekeza ku msonkhano wa onse, kumupatsa ndalama ya basi yopitira kumeneko, ndi kuleka kusunga mowa m'nyumba. Liyeneranso kuleka kumubisira: kumunamizira kwa abwana kuti wadwala malungo, kapena kumulipirira ngongole za ku bawa mwezi ndi mwezi, pakuti zotere zimacedwetsa tsiku limene iye adzaona kukula kwa vuto lace.

Pamene pali kumenya kapena kuopseza, citetezo ca mkazi ndi ana ndico coyamba. Mowa sukhululukira nkhanza. Nthambi ya apolisi ya Victim Support Unit imalandira madandaulo otere, ndipo pali manambala a foni aulere, 933 ya okumana ndi nkhanza ndi 116 ya ana.

Kumene kulibe gulu

Madera ambiri a kumidzi ndi maboma ang'ono ali kutali ndi misonkhano ya m'mizinda. Izi sizitanthauza kuti anthu a kumeneko alibe pogwira. Mwambo wa AA umalola kuti zidakwa ziwiri kapena zitatu zofuna kukhala zosamwa ziyambe gulu lao, malinga ngati silikhala pansi pa bungwe lina. Gulu loyamba lija la ku Akron linayamba ndi anthu awiri.

Zofunika ndi zocepa: malo abata, tsiku ndi ola losasinthasintha, ndi pangano losunga cinsinsi. Cipinda ca pa kiliniki, kalasi ya sukulu madzulo, ngakhale mthunzi wa mtengo wotalikirana ndi njira, zonse zingakwane. Ndi bwino kudziwitsa namwino wa pa kiliniki, komiti ya zaumoyo ya m'dera, atsogoleri a mipingo ndi amfumu, kuti azitumizako ena ndi kuthandiza pamene wina wadwala. Iwo angathandize ndi malo, koma msonkhano weniweni ukhale wa eni vuto. Oyambitsa afunefune gulu lakale, ngakhale la ku Lusaka kapena la pa intaneti, kuti liwatumizire mabuku ndi kuwalangiza kayendetsedwe ka msonkhano. Oyambitsa asataye mtima ngati masabata oyamba apezeka awiri okha. Anthu amayamba ayang'anira patali, ndipo amabwera akaona kuti khomo limatseguka tsiku lomwelo sabata iriyonse, ndiponso kuti nkhani za m'katimo sizimveka kumsika.

Mutu umodzi susenza denga. Munthu amene wayesa kuleka mowa payekha nalephera angayambe sabata ino ndi zinthu ziwiri: kupita pa kiliniki yapafupi kukanena zoona za kamwedwe kace, ndi kufunsa pomwepo tsiku ndi malo kumene anzace oleka mowa amakumana.